Kampani ikagulitsa mgodi wa malasha, utsi wachepa kapena wangosintha mwini?

Mphunzitsi wa ku Ulóngwè

Ndikupereka moni kwa nonse. Ine ndimaphunzitsa za malo ndi chilengedwe pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Angónia, ndipo funso limene ndabwera nalo si langa kwenikweni, koma la mtsikana wina wa m'kalasi langa amene anandisowetsa chonena sabata yatha. Tinkakambirana za pangano la ku Paris la 2015, pamene mayiko anagwirizana kuti kutentha kwa dziko kusakwere kufika madigiri 2 poyerekeza ndi nthawi imene mafakitale anali asanachuluke, ndipo ngati n'kotheka kukwerako kulekezere pa madigiri 1.5. Ndinawauza ophunzirawo kuti masiku ano si maboma okha amene amalonjeza, popeza makampani akuluakulu nawonso amalengeza zolinga zawo zochepetsa mpweya wotenthetsa dziko, ndipo ndinapereka chitsanzo cha kampani ya migodi ya Vale chifukwa palibe mwana wa m'chigawo cha Tete amene salidziwa dzinali.

Kampaniyi inalengeza mu 2020 kuti pofika 2030 idzakhala itachepetsa mpweya wochokera m'ntchito zake ndi 33 peresenti poyerekeza ndi 2017, ndipo inatinso pofika 2050 idzafika pamene amati net zero, kutanthauza kuti mpweya umene ikutulutsa udzafanana ndi umene ikuchotsa mumlengalenga. Mu 2021 inanena kuti ikusiya malonda a malasha, ndipo m'mwezi wa Disembala chaka chomwecho inagwirizana ndi kampani ya Vulcan kuti iigulitse mgodi wa ku Moatize pamodzi ndi njanji yopita ku Nacala pa mtengo wa madola 270 miliyoni. Kusinthana kwake kunatha mu Epulo 2022.

Nditamaliza, mtsikanayo anakweza dzanja n'kunena kuti amalume ake amakhala pafupi ndi njanji ku Cambulatsitsi, ndipo akapitako nthawi ya tchuthi amaona sitima zikudutsabe zodzaza ndi malasha monga zinkachitira kale, kulowera ku Malawi mpaka kunyanja. Anafunsa kuti, ngati malasha akukumbidwabe ndipo akuwotchedwabe kumene akupitako, mpweya umene wachepa ndi uti? Ndinamuyankha kuti tidzakambirana Lolemba, yankho limene mphunzitsi aliyense amadziwa tanthauzo lake.

Ndikupempha amene mumazidziwa bwino izi mundithandize. Kodi malonjezo a makampaniwa amawerengedwa motani, ndipo ndani amatsimikiza kuti ziwerengerozo n'zoona? Komanso, kodi pali chimene mabizinesi a kuno kwathu, aakulu ndi aang'ono omwe, akuchita kapena angachite chimene chimachepetsadi mpweya, kusiyana ndi kungousamutsa kuchoka m'buku lina kupita m'buku lina?

Wosunga mabuku a ndalama, mzinda wa Tete

Aphunzitsi, mwana ameneyo musamutaye, chifukwa wagwira pamene akatswiri a nkhaniyi akhala akukanganirapo kwa zaka zambiri. Ine ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama, koma zaka zaposachedwapa makampani akunja amene timachita nawo malonda ayamba kutitumizira mafomu ofunsa za mafuta ndi magetsi amene tagwiritsa ntchito, choncho ndakakamizika kuphunzira kawerengedwe kake, ndipo ndifotokoza monga mmene ndimakaonera pa desiki langa.

Makampani ambiri amatsata ndondomeko yotchedwa GHG Protocol, imene imagawa mpweya wa kampani m'magawo atatu. Gawo loyamba ndi mpweya umene umatuluka m'zipangizo ndi m'malo a kampaniyo: pa mgodi ndiye utsi wa mafuta a dizilo a zimagalimoto ndi makina okumbira, pamodzi ndi mpweya wa methane umene umathawa malasha akamafukulidwa. Gawo lachiwiri ndi mpweya umene unatuluka popanga magetsi amene kampaniyo yagula. Gawo lachitatu ndi zonse zotsala, kuyambira kwa amene amaigulitsa katundu mpaka kwa amene amagwiritsa ntchito zimene iyo yagulitsa. Pa mgodi wa malasha gawo lachitatuli ndiye njovu ndipo awiri enawo ndi akalulu, chifukwa tani imodzi ya malasha ikawotchedwa imatulutsa pafupifupi matani awiri ndi theka a carbon dioxide. Ophunzira anu adzadabwa kuti utsi ungalemere bwanji kuposa chinthu chimene chapsa, koma chifukwa chake n'chakuti kaboni wa m'malasha amaphatikana ndi okosijeni wa mumlengalenga, ndipo kulemera kwa okosijeniyo kumawonjezekera pamenepo. Lonjezo la 33 peresenti limene mwatchula lija likukhudza magawo awiri oyamba okha. Pa gawo lachitatu Vale inalonjeza 15 peresenti pofika 2035, ndipo mbali yaikulu ya gawo limeneli kwa iwo imachokera ku miyala ya chitsulo imene amakumba ku Brazil n'kugulitsa kwa osungunula zitsulo.

Tsopano ku funso la mwanayo. Tiyerekeze kuti munthu anali ndi zigayo zisanu mu 2017, ndipo chaka chino wagulitsako ziwiri kwa mnansi wake, amene akuzigayitsabe usana wonse. Munthuyo akaima pa msonkhano n'kunena kuti wachepetsa mafuta ndi 40 peresenti, ndiye kuti akunena zoona za m'thumba mwake koma akunama za mlengalenga. Amene analemba GHG Protocol anaziona zimenezi, n'chifukwa chake anaika lamulo lakuti kampani ikagulitsa kapena kugula gawo lalikulu la ntchito zake, iyenera kubwerera ku chaka chimene inayambira kuwerenga n'kukonzanso chiwerengero cha chaka chimenecho, kuti zigayo ziwiri zija zichotsedwe mu 2017 momwemo. Ikatero, kugulitsako sikuoneka ngati kuchepetsa. Choncho Lolemba mukamuuze mwanayo kuti walondola: kugulitsa mgodi pakokha sikuchotsa ngakhale kilogalamu imodzi ya mpweya, ndipo malamulo a kawerengedwe, akatsatidwa moona mtima, salola kampani kudzitama nako.

Nanga n'chifukwa chiyani makampani amatchula kusiya malasha ngati mbali ya ndondomeko zawo za nyengo? Pali zifukwa zomveka. Mabanki ambiri a ku Ulaya ndi ogula masheya ena sakufunanso kuika ndalama zawo m'malasha, ndipo kampani imene yasiya malasha imapeza ngongole mosavuta. Ena amati ndalama zikamathawa malasha chonchi, m'kupita kwa nthawi migodi yatsopano idzasowa woilipirira. Komabe ine ndimakayika ngati nyengo ndiyo imakhala chifukwa chachikulu, ndipo umboni wanga uli pafupi pompano. Rio Tinto inagula Riversdale, imene inali ndi mgodi wa ku Benga, pa mtengo wa pafupifupi madola 3.7 biliyoni mu 2011, n'kudzagulitsa migodi yomweyo kwa ICVL ya ku India mu 2014 pa madola 50 miliyoni okha. Pamenepo panalibe nkhani ya nyengo, koma mitengo ya malasha inali itagwa ndiponso njira yotulutsira katundu inali yovuta. Mgodi wa ku Moatize nawo unaluzitsa eni ake akale kwa zaka zingapo. Kampani ikafuna kutula katundu wolemera, ndipo pali mawu okoma ofotokozera kutulako, sitingadabwe ikasankha mawu okomawo.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti, m'mayiko ambiri, migodi ndi zitsime za mafuta zimene makampani a pa misika ya masheya akugulitsa zimagwera m'manja mwa makampani amene malamulo sawakakamiza kufalitsa malipoti ambiri. Utsi umakhala womwewo, koma pepala limene tinkawerengapo limasowa.

Mukafuna kuyesa lonjezo la kampani iliyonse, yambani ndi kufunsa chaka chimene ikuyerekezera, chifukwa wochenjera amasankha chaka chimene anatulutsa mpweya wambiri. Kenako funsani ngati lonjezolo likukhudza gawo lachitatu. Funsaninso ngati ikunena za mpweya wonse kapena za mpweya wa pa tani iliyonse ya katundu, popeza kampani ikhoza kuchepetsa mpweya wa pa tani ndi 10 peresenti kwinaku ikuchulukitsa matani kawiri, ndipo mlengalenga umalandira wonsewo. Pa nkhani yotsimikiza, pali bungwe la Science Based Targets initiative, limene linakhazikitsidwa mu 2015 ndi mabungwe a CDP, UN Global Compact, World Resources Institute ndi WWF, ndipo muyezo wake wa 2021 umati makampani ambiri ayenera kudula pafupifupi 90 peresenti ya mpweya wawo weniweni asananene kuti afika pa net zero. Koma bungweli limaona ngati cholingacho n'chokwanira, silipita kukaima pa chumuni cha fakitale, ndipo ziwerengero za chaka ndi chaka zimachokerabe kwa kampaniyo ndi kwa owunika mabuku amene kampaniyo yawalipira.

Woyendetsa makina, Moatize

Bambo a ku Tete afotokoza bwino za mabuku, ndipo sinditsutsa chilichonse pa masamu awo, koma ndikufuna kuti aphunzitsi akamayankha mwanayo asamusiye akuganiza kuti malasha a kuno ndi chinthu chimene dziko lingangochisiya mawa m'mawa. Chimene chinakopa makampani akunja kubwera ku Moatize ndi malasha osungunulira chitsulo, ngakhale kuti owotchera magetsi nawonso amatuluka m'migodi yomweyi. Zitsulo zambiri za padziko, kuphatikizapo malata a pa sukulu yanu ndi njanji imene mwanayo amaiona, zimapangidwa m'ng'anjo zimene zimafuna malasha amenewa, ndipo tani iliyonse ya chitsulo chopangidwa motero imatulutsa pafupifupi matani awiri a carbon dioxide. Njira zina zilipo, monga ku Sweden kumene mu 2021 anapanga chitsulo choyamba pogwiritsa ntchito hydrogen m'malo mwa malasha n'kuchipereka kwa Volvo, koma chitsulo chotere n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi chimene India yokha ikufuna pomanga mizinda yake. Mgodi uno utatsekedwa lero, ng'anjo za ku India sizingazime, zingangogula malasha ambiri ku Australia.

Sindikunena izi chifukwa chakuti kusintha kwa nyengo sindikukuona. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atabwera, mtsinje wa Revúbuè unadzaza n'kugwetsa mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo ambiri a ife tinasowa njira yopitira kuntchito ndi kuchipatala. Koma Afrika yense satulutsa ngakhale 4 peresenti ya mpweya wa carbon dioxide wa padziko lonse, ndipo zimandipweteka ndikamva munthu wokhala m'dziko limene linalemera ndi malasha kwa zaka 150 akunena kuti ntchito yanga ndiyo vuto.

Komabe pali zimene mgodi ungachite zimene ndi zenizeni, ndipo ife oyendetsa makina timaziona. Chigalimoto chonyamula miyala chikaima pamzere injini ikulira, mafuta amapsa popanda ntchito, ndipo kungokonza ndondomeko ya kayendedwe kuti zisamadikirane kumapulumutsa malita ambiri pa tsiku. Kumene kungatheke kuika lamba wonyamula malasha woyendera magetsi m'malo mwa zimagalimoto, mpweya umachepa kwambiri kuno kuposa kwina, chifukwa magetsi athu ambiri ndi a madzi a ku Cahora Bassa. Milu ya zinyalala za malasha ikasiyidwa osakwiriridwa bwino imayaka yokha mkati n'kumafuka mwakachetechete. Sitima zimene zimakoka malasha makilomita oposa 900 mpaka ku Nacala-a-Velha, kudzera ku Nkaya ndi ku Liwonde, n'zoyendera dizilo. Zonsezi zili m'magawo awiri oyamba aja amene bambo awatcha akalulu, koma kalulu amene wagwidwa ndiye ndiwo.

Ndiwonjezerepo chimodzi chimene chimasokoneza anthu kuno. Fumbi lakuda limene amayi amadandaula nalo akayanika ufa kapena zovala si mpweya wotenthetsa dziko. Kampani ikhoza kukwaniritsa lonjezo lake la nyengo fumbi lili chigwere pa ufa, ndipo ikhozanso kuthirira misewu n'kuthetsa fumbi popanda kuchepetsa carbon dioxide ngakhale pang'ono. Pa misonkhano zinthu ziwirizi amazimanga mtolo umodzi, ndipo munthu wofunsa za chifuwa cha mwana wake amayankhidwa za 2050.

Mlangizi wa zaulimi, Furancungo

Ine ndilowe pa mbali imene imafika mpaka kumidzi, ndiyo ya mitengo ndi ziphaso za kaboni. Makampani ambiri amene sangathe kapena safuna kudula mpweya wawo amagula ziphaso zimenezi, ndipo chiphaso chimodzi chimaimira tani imodzi ya carbon dioxide imene akuti yapewedwa kapena yachotsedwa kwina. Kwinako nthawi zambiri ndi kuno kwathu: nkhalango imene akuti ikanadulidwa, mbande zimene zabzalidwa, kapena mbaula zosatha nkhuni zambiri zimene zagawidwa kwa amayi.

Ndalama zoterezi zinafikapo m'dziko muno. Mu 2021 Mozambique inali dziko loyamba kulandira malipiro kuchokera ku thumba la World Bank losamalira nkhalango, madola 6.4 miliyoni, chifukwa cha kuchepa kwa kudula mitengo m'maboma ena a ku Zambézia. Choncho sindinena kuti zonse n'zabodza. Koma kumtunda kwa Zambezi yemweyu, ku Zimbabwe, kunali ntchito yaikulu ya ziphaso za nkhalango ya ku Kariba, imene makampani otchuka a ku Ulaya ankagulako, ndipo zinadzadziwika kuti ziphaso zimene zinatulutsidwa zinali zochuluka kuposa mitengo imene inapulumutsidwadi, mpaka kampani ya South Pole imene inkazigulitsa inasiya ntchitoyo mu 2023. Mu 2024 ofufuza a ku yunivesite ya California ku Berkeley anapeza kuti ntchito za mbaula zimene anaziunika zinkalemba mpweya wopulumutsidwa wochuluka pafupifupi kasanu ndi kanayi kuposa weniweni. Ine zimenezi sizinandidabwitse, chifukwa ndaonapo mbaula zogawidwa zikusungira nkhuku zoikira, mafuwa atatu ali pamoto monga mwa masiku onse, pamene m'kaundula wa ogawawo munalembedwa kuti banjalo limaphikira mbaulayo tsiku lililonse.

Vuto lake lili pa mawu akuti "ikanadulidwa". Palibe amene angayeze chinthu chimene sichinachitike, ndipo wogulitsa chiphaso amapindula akanena kuti chiwonongeko chikanakhala chachikulu. Vuto lina ndi la nthawi. Kaboni wa m'malasha anakhala pansi pa nthaka zaka mamiliyoni ambiri, ndipo akatuluka mbali yake imakhala mumlengalenga zaka mazana. Mtengo umene akuti walowa m'malo mwake ukhoza kupsa ndi moto wolusa wa mu Seputembala chaka chachisanu, kapena kusanduka thumba la makala la pa msewu wa ku Tete.

Kuno ku Macanga ndi ku Angónia bizinesi imene imakhudza mitengo kwambiri ndi fodya. Fodya wa bale sawotchera nkhuni, amaumitsidwa ndi mphepo, koma zigafa zimadya milimo ndi mapaso ambiri, ndipo chiswe chikalowa mlimi amabwereranso kutchire pakangopita nyengo zochepa. Ogula fodya amagawa mbande pamodzi ndi feteleza, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikuthandiza pa ntchito yotere. Chimene ndaphunzira n'chakuti chiwerengero chimene chimapita m'malipoti ndi cha mbande zogawidwa, pamene chiwerengero chofunika ndi cha mitengo imene ili moyo patatha zaka zitatu, mbuzi, chiswe ndi chilimwe zitatengapo gawo lawo. Kumene ndinaona zikuyenda bwino ndi kumene alimi anabzala mitengo yamoyo m'mizere kuti ikhale nsanamira za chigafa, chifukwa pamenepo mlimi amausamala mtengowo podziwa kuti ukafa chigafa chagwa. Kampani imene ingalipire mlimi malinga ndi mitengo yamoyo ya chaka chachitatu, ineyo ndingaikhulupirire. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo mbande ya mu chubu pa tsiku logawa idakali pachala.

Mayi wa chigayo, Domué

Popeza bambo a ku Tete apereka chitsanzo cha zigayo, ndaona kuti nane ndiyankhulepo, ngakhale kuti changa n'chimodzi chokha. Kwa zaka zambiri ndinkagayitsa ndi injini ya dizilo, ndipo nthawi yokolola, pamene amayi amafola ndi matumba kuyambira m'mamawa, ndinkatha malita 20 pa tsiku. Mwana wanga wamwamuna ndiye anandiwerengera kuti lita imodzi ya dizilo imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.7 a carbon dioxide, ndiye kuti tsiku lotere chigayo changa chinkatulutsa makilogalamu 54, kuposa kulemera kwa thumba la chimanga. Mawaya atafika pafupi ndinakongola ndalama n'kugula mota ya magetsi. Ndinene zoona, sindinachite zimenezi poganizira za nyengo, koma chifukwa mafuta ankadya phindu langa lonse, ndiponso injiniyo inkafuna makanika pafupipafupi.

Chimene ndikufuna kufunsa n'chakuti, ngati makampani akuluakuluwo ali ndi ndalama zogulira ziphaso za mitengo imene mwina kulibe, bwanji osathandiza eni zigayo, owotcherera zitsulo ndi alimi a kachewere othirira ndi mapampu a petulo kuti apeze mota za magetsi kapena mapampu a dzuwa pa ngongole yopepuka? Lita imene sinagulidwe ndi yosavuta kuiwerenga, chifukwa malisiti alipo. Injini yakaleyo sindinaigulitse, ili pakona, ndipo magetsi akazima masiku awiri ndimailiza, popeza amayi sangabwerere ndi chimanga chosagaya. Koma nditaigulitsa kwa munthu wa kumudzi kumene mawaya sanafike, ndiye kuti nanenso ndachita zimene mtsikana wa aphunzitsi akudandaula.

Wosunga mabuku a ndalama, mzinda wa Tete

Mayi, chiganizo chanu chomalizacho chafotokoza nkhani yonse bwino kuposa ndime zanga zisanu ndi imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti injini yanu ikapita kumudzi wopanda chigayo ikapulumutsa amayi ku mtondo, ndipo pamenepo pali chabwino choyeza pa sikelo.

Achimwene a ku Moatize, mawu anu akuti ng'anjo za ku India zingagule kwina ndi oona, koma dziwani kuti mgodi wa ku Australia nawo umanena chimodzimodzi za inu, ndipo aliyense akanena choncho palibe amene amayamba. Kumene ndikugwirizana nanu kwathunthu n'kwakuti lonjezo la kampani limene silinena chimene antchito ndi tauni yonse adzadye mgodi ukadzatha, ndi lonjezo lolembedwera ogula masheya okha.

Aphunzitsi muwauzenso ana kuti malonjezowa ndi ongodzipereka, ndipo amasinthidwa. Mu 2020 BP inati idzachepetsa mafuta ndi gasi amene imakumba ndi 40 peresenti pofika 2030, mu 2023 inatsitsa chiwerengerocho kufika pa 25 peresenti, ndipo mu 2025 inabwereranso m'mbuyo n'kuwonjezera ndalama za mafuta. Ku Netherlands khoti linalamula Shell mu 2021 kuti idule mpweya wake ndi 45 peresenti pofika 2030, koma khoti la apilo linafafaniza chiwerengerocho mu Novembala 2024, ngakhale kuti linavomereza kuti kampaniyo ili ndi udindo wochepetsa mpweya. Chimene chimaluma kwambiri kuposa malonjezo ndi msonkho. Mayiko a European Union anayamba mu Okutobala 2023 kufuna malipoti a mpweya wa katundu wina wolowa kwawo, monga chitsulo, simenti, feteleza ndi aluminiyamu, ndipo anakonza zoti kulipira kukhudze katundu wolowa kuyambira 2026. Izi zikukhudza dziko lino chifukwa aluminiyamu wa ku fakitale ya Mozal, pafupi ndi Maputo, anagulitsidwa ku Ulaya kwa zaka zambiri.

Apa m'pamene chigawo chathu chili ndi chuma chimene sichitchulidwa mokwanira. Damu la Cahora Bassa lili ndi mphamvu ya mamegawati 2,075, ndipo ambiri mwa magetsi ake amayenda makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku siteshoni ya Apollo ku South Africa, kumene amalowa m'mawaya a kampani ya magetsi ya Eskom pamodzi ndi magetsi a malasha. Pali ndondomeko ya damu lina ku Mphanda Nkuwa la mamegawati 1,500, limene boma linasainirana mu 2023 ndi gulu la makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo. Kampani iliyonse yofuna kuchepetsa gawo lake lachiwiri ikusaka magetsi ngati amenewa. Koma chilala cha 2024 chinatsitsa kwambiri madzi ku Kariba ndi ku Cahora Bassa komwe, ndipo anthu okhala m'mbali mwa mtsinje kumene damu latsopanolo lidzamangidwe ali ndi mafunso awo a malo ndi minda, amene sapezeka m'gawo lililonse mwa magawo atatu aja.

Mphunzitsi wa ku Ulóngwè

Zikomo kwambiri nonse, makamaka mayi a ku Domué, chifukwa chitsanzo chanu ana achimva msanga kuposa cha mgodi, popeza aliyense wa iwo anatumidwapo kuchigayo. Lolemba ndinamuitana mtsikana uja kuti alembe yekha pa bolodi nkhani ya zigayo zisanu, ndipo kalasi linakangana mpaka belu linalira pa funso lakuti malita a injini yogulitsidwa alembedwe pa dzina la ndani. Mawu a bambo a ku Furancungo andikumbutsanso kuti zaka zitatu zapitazo bungwe lina linatipatsa mbande 500 za bulugamu ndi mibawa zimene tinabzala kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo tinajambulidwa zithunzi tsiku limenelo. Lachisanu likubwerali ophunzira apita ndi makope awo kukawerenga imene ili moyo, ndipo ndapempha a hedi kuti andipezere kalata imene tinasainira polandira mbandezo, kuti tikaike ziwerengero ziwirizo pamodzi.